Mlendo mu Tabuleti ya Barira

Anafika Lolemba m'mawa, fumbi la chilimwe litaphimba dzuwa, atanyamula mwana wamkazi mosamala ngati wailesi yobwereka. Barira anali atakhala pakhomo la nyumba yosungiramo ana ya Anti Tabawa, kuseri kwa msika wa nsalu mu Kano, tabuleti ili pamiyendo. Anayamba waona nsapato, zopukutidwa bwino. Kenaka mkanjo woyera, kenaka tindevu tometedwa mwaluso, kenaka maso. Pa maso paja anachedwapo ndithu.

"Salamu alaikum. Ndamva kuti pano munthu atha kusiya mwana kwa maola ochepa."

"Alaikum salamu. Munamva zoona, Malam," anayankha Barira, akukonza mpango umene unali wokonzeka kale.

Ntchito yake inali yomweyo. Amayi obwera kudzagula nsalu, ogulitsa zitumbuwa za mpunga, opita kuchipatala, ankasiya ana pamenepo, wina ola limodzi, wina tsiku lonse, wina lero lokha osadzaonekanso. Kale Anti Tabawa ankang'amba kachikatoni pakati, theka n'kupatsa kholo, theka n'kumangirira pamkono wa mwana, ndipo sanasochezepo mwana wa munthu. Koma mwana wawo wa ku Abuja anawatumizira tabuleti, ndipo pofuna woigwira analemba ntchito Barira. Makinawo ankafuna dzina la mwana, dzina la womusiya, nambala ya foni ndi chithunzi. Mwana akangolembedwa kuti walowa, uthenga unkapita wokha ku foni ya kwawo.

Amene anapanga makinawo ayenera kuti analeredwa kopanda manyazi. Mayi angatchule bwanji dzina la mwana wake wachisamba? Mkazi angatchule bwanji dzina la mwamuna wake, pagulu, pali anthu? Nanga mwana wopatsidwa dzina la agogo ake, ndani m'banjamo angamuitane nalo, m'malo mongoti Abba akakhala wamwamuna, Ummi akakhala wamkazi? Motero m'tabuleti ya Barira munadzaza a Abba makumi atatu, a Ummi makumi awiri ndi atatu, ndi amuna oposa zana otchedwa Bambo a Kunyumba.

"Dzina la mwana?"

"Ummi."

"Dzina lenileni, Malam."

Mlendoyo anayang'ana kumwamba, kenaka pansi. "Limenelo ine sindingalitchule."

Barira anayamba kuwerengera mumtima. Mwamuna wokana kutchula dzina la mwana amakhala ndi chimodzi mwa zifukwa ziwiri: mwina mwanayo ndi wachisamba wake, mwina ali ndi dzina la mayi ake omubereka. Chifukwa choyamba chimakhala ndi mkazi kunyumba. Chachiwiri chimatha kuyenda chokha.

"Nanga lanu?"

"Lembani kuti Malam."

"Malam ndi aliyense wovala chipewa."

"Ndiye simulakwitsa. Chipewa ndi ichi."

"Nambala ya foni?"

"Foni yanga inawonongeka."

Nthawi yomweyo foni inalira m'thumba la mkanjo wake, mokweza, nyimbo ya ng'oma ndi zitoliro. Iye anatsokomola pofuna kuibisa, koma inamuposa mawu.

"Mwamva?" anatero osaseka. "Ndi mmene ikuvutikira."

Anti Tabawa anatulukira pakhomo ali ndi chikho cha phala m'manja, mayi wamkulu thupi amene ankadana ndi tabuletiyo ngati mkazi mnzake. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Iwe Barira, mwana akupsa ndi dzuwa, iwe uli pa mafunso ngati wapolisi? Wakuba ana amabwera kudzatenga, sabwera kudzasiya." Anang'amba kachikatoni ka bokosi la sopo n'kumupatsa theka. "Mpaka nthawi yanji, mwana wanga?"

"Mpaka nthawi yopemphera swala ya masana, Anti. Masiku atatu okha: lero, mawa ndi mkuja. Ndikatero sindidzakuvutitsaninso."

Barira analemba pa dzina la womusiya kuti Mlendo, chifukwa makinawo sankalola kudumpha mzere. Atakweza tabuleti kuti ajambule, munthuyo anatembenuka ngati waitanidwa, ndipo chithunzi chinagwira khutu lokha. Akuchoka, mwana uja anatambasula manja n'kufuula kuti, "Baba!"

Basi, anaganiza Barira. Nkhani yatha isanayambe.

Koma patapita kanthawi Ummi analoza fani imene inkazungulira kudenga n'kunena kuti, "Baba!" Analoza mbuzi yodutsa pamsewu: "Baba!" Anti Tabawa atamupatsa phala, anawayang'ana mwachikondi n'kuwatcha Baba nawonso. Mwanayo anali ndi mawu amodzi okha padziko lonse, ndipo ankawagawa mosaumira. Mtima wa Barira unadzukanso n'kudzisasa fumbi.

Tsiku lonselo anagwira ntchito theka la mutu lili kwina. Masiku atatu. Lachitatu masana munthuyo adzanyamula mwana n'kukalowa m'gulu la anthu a mumsika, ndipo mu Kano munthu wopanda dzina ndi singano yogwera mumchenga. Akapeza mpata ankatsegula chithunzi cha khutu lija. Linali khutu labwino, lodekha, looneka kuti limamvetsera munthu akamayankhula. Analipangira mbiri zingapo. M'mbiri ina mwini khutuyo anali wamasiye, mkazi wake anamwalira pobereka, ndipo ankafuna munthu wa mtima wabwino wodziwanso tabuleti. M'mbiri ina anali mwana wa banja lolemera amene anakana chuma chifukwa cha chinsinsi chachikulu. Chinsinsicho Barira anali asanachipange, koma ankadziwa kuti adzachisunga.

Lachiwiri mlendoyo anabwera Ummi atavala diresi chakumbuyo, mabatani ali pachifuwa.

"Anti, taonani," ananong'ona Barira atalowa naye mwanayo mkati. "Bambo wobereka angamuveke mwana chonchi?"

"Malemu bambo a kunyumba anabereka asanu ndi awiri," anatero Anti Tabawa, "koma anamwalira asakudziwa kuti thewera limamangidwa mbali iti. Ukufufuza chiyani, iwe?"

"Palibe. Makina ndi amene akufuna."

"Ehe. Makina ayamba kupaka wanja wodzikongoletsera m'maso masiku ano."

Barira anabwerera pakhomo nkhope ikutentha. Mlendoyo anali adakali pomwepo, akuyang'ana tabuleti mokayika.

"Ndifunseko, Malama. Chinthuchi chimatumiza uthenga kwa ndani?"

"Ku nambala imene yalembedwa. Inu simunapereke, ndiye chimangodziuza chokha."

Anapumira m'mwamba ngati munthu wotula thumba la mapira. "Chisiyeni choncho. Ndikukupemphani chimenecho chokha."

"Ndiye sainani apa ndi chala," anatero Barira mofulumira, poganiza kuti dzanja limaulula zimene pakamwa pabisa.

Iye anasaina mosamala, lilime lili pakona ya mlomo, n'kumubwezera. Anali atajambula kambuzi.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Mwa mawu a Ummi, ndi Baba."

Barira anaseka mosafuna, ndipo iye anamwetulira, kumwetulira kofulumira kongodutsa ngati mthunzi wa mbalame. Kenaka anawoloka msewu n'kukakhala pabenchi ya wogulitsa tiyi. Anakhala pomwepo m'mawa wonse, akuyang'ana wotchi, ndipo kawiri konse Barira anamupeza akuyang'ana kukhomo la Anti Tabawa. Mwina ankayang'anira mwana. Koma mwanayo anali mkati, ndipo pakhomo panali Barira yekha.

Lachitatu linafika msanga ngati mlendo wosaitanidwa. Dzuwa litakwera, Ummi anadzithira phala, ndipo Barira anatsegula kachikwama kake kufuna chovala china. Pansi penipeni, pokulungidwa m'pepala la pulasitiki, panali khadi la katemera.

Anadziuza kuti sakulifuna. Anadziuzanso kuti angoliwongola chifukwa lapindika. Pamene ankamaliza kudziuza, zala zake zinali zitalemba kale nambala ya khadilo m'tabuleti.

Makinawo anaganiza pang'ono, kenaka anafunsa: mwana wa nambala imeneyi analembedwapo kale miyezi inayi yapitayo, kodi ndi yemweyu? Pansi pake panali mabatani awiri, Inde ndi Ayi. Kuseri kwa Inde kunali dzina la bambo wa mwanayo ndi chithunzi chake. Kunja wotchi ya munthu uja inkayendabe.

Anadina Inde.

Chithunzi chinatuluka: bambo wonenepa, wa ndevu zofika pachifuwa, ataima pafupi ndi lole. Dzina lake Yunusa. Barira anayang'anitsitsa makutu ake kuti atsimikize. Sanali makutu aja. Anamunyamula Ummi n'kumuzungulitsa m'mwamba, mwanayo n'kumutcha Baba.

Tabuleti inalira katatu. Popeza tsopano inali itapeza nambala, inalipira ngongole yake ya mauthenga: wa Lolemba, wa Lachiwiri ndi wa lero, onse onena kuti Ummi wasiyidwa kwa Anti Tabawa ndi Mlendo. Onse atatu anapita ku nambala imene inalembedwa kale ija, ya munthu wotchedwa Hajiya Delu.

Barira anawoloka msewu osayang'ana uku kapena uku. Mlendoyo atamva za mauthengawo, kapu ya tiyi inapendekeka m'dzanja lake mpaka kudontha pansapato zopukutidwa zija.

"Hajiya Delu? Mwatumiza kwa Hajiya Delu?"

"Si ine, ndi makina. Ndiye kuti, ndi ine. Kodi ndi ndani?"

"Apongozi ake a Zulai, mlongo wanga. Ummi ndi mwana wa mlongo wanga, ali ndi dzina la mayi athu."

"Mlongo wanu!" anatero Barira, ndi chimwemwe chosayenera nthawiyo.

Iye sanachione. Ananyamuka akulongosola mothamanga, onse akuwoloka. Zulai ankalemba mayeso olowera sukulu ya uzamba. Mwamuna wake anavomera, koma anavomera monong'ona, kenaka n'kukwera lole yake kupita ku Lagos. Hajiya Delu ndiwo anali atanenetsa kuti mpongozi wawo sadzakhala pa desiki ngati kamwana, ndipo fomu yoyamba anaing'amba ndi manja awo. Hajiyawo anali atauzidwa kuti Zulai ndi mwana ali kwawo ku Bichi kukaona mayi wodwala. Pepala lomaliza linkatha wani koloko, ndipo nthawi inali itangopitirira thwelofu.

"Sukulu ya mayesoyo Hajiya akuidziwa. Akamuona mwanayu, akandiona ine, akamutulutsa Zulai m'chipinda cha mayeso chomukoka mpango. Simukuwadziwa inu." Anaima pakhomo n'kumuyang'ana, ndipo m'maso muja munalibenso mthunzi wa mbalame. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, Malama."

Analowa kukatenga mwana kuti athawe naye. Asanatuluke, njinga yamoto ya matayala atatu inaima pakhomo ndi phokoso, ndipo mawu anatsika asanatsike mwini wake.

"Ali kuti amene akutchedwa Mlendo?"

Nyumba ya Anti Tabawa inali ndi khomo limodzi. Barira anamva nsalu yotchinga chipinda chogona ana ikukokedwa mofulumira kumbuyo kwake. Anaima pakati pa khomo, tabuleti ataigwira pachifuwa ngati chishango.

Hajiya Delu anali mayi wamfupi, wa dzino lagolide, ndipo foni anaigwira ndi zala ziwiri kutsogolo kwawo ngati khoswe wakufa. Barira anagwada pang'ono.

"Takulandirani, Hajiya. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Mdzukulu wanga..."

"Kutopa kuli bwanji?"

"Kulibe kutopa. Ndati..."

"Kunyumba ali bwanji? Ana? Nanga fumbili likukuchitani bwanji? Msika ukuyenda?"

Munthu woleredwa sangadumphe moni ngakhale nyumba ikupsa, ndipo Hajiya Delu analeredwa. Anayankha lililonse mano atalumana, kuti zonse zili bwino, tithokoze Mulungu, ndipo anakakamizika kufunsanso za kwawo kwa Barira. Barira anayankha mwatsatanetsatane, mpaka za bondo la azakhali ake. Mphindi zisanu ndi imodzi zinapita.

"Mdzukulu wanga ali ku Bichi," anatero Hajiya pomaliza, "koma foni ikuti ali pano, ndipo wabwera ndi munthu wopanda dzina. Ndipatseni mwanayo ndione."

"Ali bwino, Hajiya, wagona. Koma makinawa amapereka mwana kwa amene anamusiya. Wina akafuna kumutenga, ayankhe mafunso awiri." Mpaka apa Barira ankanena zoona. "Loyamba, dzina lenileni la mwana."

"Maimuna. Dzina la mayi wa ku Bichi uja, ngati kuti kwathu kunalibe mayina."

"Mwakhoza. Lachiwiri, dzina la bambo wa mwana."

Hajiya Delu anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Amayi atatu amene ankadikira kutenga ana awo anasiya kucheza.

"Ndi mwana wanga."

"Dzina lake, Hajiya."

"Ndi wachisamba, mtsikana iwe! Unaleredwa ndi mbuzi?"

"Ine ndikumvetsa, Hajiya. Makinawa ndi amene sanaleredwe."

"Lemba kuti woyendetsa lole."

Barira anadinadina pagalasi mwaulemu. "Akana."

"Lemba kuti mkulu wake wa Habu."

"Akufunsa kuti Habu wake uti."

Hajiya anapukuta thukuta ndi nsonga ya mpango. Anayandikira n'kutsitsa mawu. "Mneneri uja. Wa nsomba."

"Makina sadziwa nsomba, Hajiya."

"Anamezedwa! Anakhala m'mimba mwake! Sunapite ku madarasa iwe?"

"Ndinapita, koma tsiku la nsomba ndinadwala."

Mmodzi wa amayi aja anabisa nkhope mu mpango, mapewa akugwedezeka. Hajiya anatembenukira kwa woyendetsa njinga uja, amene ankamvetsera zonse atatsamira chiwongolero. "Iwe! Mneneri womezedwa ndi nsomba ndani?"

"Yunusa, Hajiya."

"Wamva? Lemba!"

Apa Barira anagwidwa, chifukwa makinawo analibe nazo ntchito kuti wanena ndani. Koma Anti Tabawa, amene anali atalowa m'chipinda chogona ana n'kutulukamo nsidze zili m'mwamba, anafika ndi mpando ndi kapu ya kunu, chakumwa chozizira cha mapira.

"Ayi, Hajiya, amenewa amamva mawu," anatero mokoma. "Amafuna mawu a wachibale. Anachokera ku Abuja amenewa, musawaone kuchepa. Ine ndimawalemekeza kwambiri. Khalani pansi, mumwe kaye."

Barira anawayang'ana Anti Tabawa. Anti Tabawa anayang'ana kudenga.

Hajiya Delu anakhala, anamwa, anayesa kuimbira mwana wawo, koma foni yake inali kunja kwa netiweki kwinakwake pamsewu wa ku Lagos. Anapempha cholembera, n'kuuzidwa kuti makina sawerenga za pamanja. Anaopseza kuti aitana apolisi, ndipo Anti Tabawa anavomereza kuti ndi nzeru yabwino, kungoti apolisiwo akafika adzafunsanso dzina la bambo wa mwana. Anafuna kulowa mwamphamvu, koma Anti Tabawa akaima pakhomo sipatsala malo ngakhale a mphaka. Barira ankaba nthawi pakona ya galasi. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu. Kenaka khumi.

"Bweretsa kuno chinthucho," anatero Hajiya mwadzidzidzi.

Anaigwira tabuleti ndi manja awiri n'kuiyandikiza kukamwa.

"Yu..."

Anaima. "Zaka makumi atatu ndi zinayi," anatero motsitsa, osayang'ana munthu. "Ndinalimva tsiku limene anamupatsa, ndili kuseri kwa nsalu. Ndinalisunga pano." Anagwira pachifuwa. "Lero ndikalitaye pamsewu chifukwa cha galasi?"

Barira anamva manyazi enieni, ndipo akanatha kugonja pomwepo. Koma Ummi anamuchitira chisankho. Anali atadzuka, ndipo anatulukira akudzandira, atagwira nsonga ya nsalu yotchinga ija. Anaikoka mpaka ndodo yake inagwa, n'kuloza kumbuyo monyadira.

"Baba!"

Pamphasa, m'kati mwa neti ya udzudzu, munali mwamuna wa mkanjo woyera atagona chagada, mawondo atapinda chifukwa netiyo inali ya ana. Abba wina anali atagona pamimba pake. Abba wachiwiri anali atavala chipewa chake. Wachitatu ankamuyamwa chala chachikulu cha dzanja.

Hajiya Delu anaimirira pang'onopang'ono. "Iwe!"

Tsopano alitchula, anaganiza Barira. Munthu wokwiya chonchi amatchula dzina lonse, ndi la bambo ake lomwe.

"Iwe, mnzake wa malemu!"

"Mnzake wa ndani?" Barira analephera kudzigwira.

"Ali ndi dzina la malemu bambo a kunyumba, mbava imeneyi! Ndikanakhala kuti ndingalitchule, ndikanalitchula mpaka ku Bichi akanamva!"

Barira anatsamira khoma. M'dziko lonse la Mulungu munalibe munthu mmodzi wololedwa kutchula dzina la mwamuna ameneyu.

Mlendoyo anadzimasula kwa ana aja mmodzimmodzi, anatuluka m'neti chokwawa, n'kugwada patsogolo pa Hajiya. Anayamba moni. Anafunsa za kutopa, za kunyumba, za fumbi. Ali pa za msika, azana yoitanira anthu ku swala ya masana inamveka kuchokera kumzikiti wa pakona. Iye anayang'ana wotchi yake, ndipo mapewa ake anatsika.

"Mayeso atha, Hajiya."

"Mayeso a chiyani?"

Anawauza. Zimene Hajiya Delu anayankha zinatenga nthawi yaitali ndipo zinakhudza mibadwo itatu ya anthu a ku Bichi. Anali adakali pa m'badwo wachiwiri pamene mtsikana woonda, wa inki kuzala, anatsika panjinga n'kuthamangira pakhomo.

"Yaya, ndamaliza! Yaya..." Anali Zulai, ndipo apa m'pamene anaona amene anakhala pampando. Anagwada pansi, maso pa dothi.

Nayenso Yaya, anadandaula Barira mumtima. Mlongo wamng'ono satchula dzina la mchimwene wake wamkulu. Banja lonseli linapangana.

Hajiya Delu anamuyang'ana mpongozi wawo nthawi yaitali, Ummi ali pamiyendo pawo akuseweretsa ndolo zawo.

"Mayi ako achira, eti?"

"Pepani, Hajiya."

"Unayankha onse?"

Zulai anadzutsa mutu pang'ono. "Onse, kupatula limodzi."

"Limodzi." Hajiya anayang'ana tabuleti ya Barira mwaudani. "Funso limodzi limatha kuvuta, ndikudziwa. Tamvera, iwe. Ine ndanyozeka lero pamaso pa galasi ndi pamaso pa woyendetsa njinga. Ukalephera mayeso amenewa pambuyo pa zonsezi, ukapitirire ku Bichi konko. Tiye kunyumba, mwanayu waonda."

Hajiya ananyamuka. Mlendoyo anatenga chipewa chake kwa Abba, anatulutsa theka la kachikatoni n'kupereka kwa Anti Tabawa, ndipo anatola kachikwama ka mwana osamuyang'ana Barira. Mapazi atatu okha, akhala ali mumsewu.

"Malam," anatero Barira. Mawu anatuluka aang'ono. "Mwana sangatuluke. Makina sangatseke tsiku pali dzina loti Mlendo."

Iye anaima. Anatembenuka n'kumuyang'ana, nthawi ino osathawitsa nkhope.

"Lamulo limeneli ndi la makina, kapena ndi lanu?"

Barira anayang'ana pansi. Anali atanama mokwanira tsiku limenelo.

"Ndi langa."

"Munatsala pang'ono kumuphera mlongo wanga sukulu."

"Ndikudziwa."

"Kenaka munaima pakhomo ola lathunthu kulimbana ndi Hajiya. Amuna a ndevu amathawa." Anatambasula dzanja. "Tsiku la nsomba munadwaladi?"

"Ndinakhoza bwino kuposa onse."

Analandira tabuleti. Analemba mosafulumira, lilime lili pakona ya mlomo, ndipo Barira anaona kuti atamaliza mzere wa dzina anatsikira pa mzere wa nambala ya foni n'kulembanso. Anamubwezera galasi litayang'ana pansi.

"Foniyo yachira," anatero.

Barira anaigwira tabuletiyo osaitembenuza. Masiku atatu anali atalifunafuna, ndipo tsopano ankaopa kuti likhala dzina wamba, losayenera khutu lija.

"Werenga, mwana wanga," anatero Anti Tabawa, akumugunda ndi chigongono. "Werenga mokweza, tonse timve. Mmene ndikuonera ine, pakamwa pakopo sipakhala nalo ufulu nthawi yaitali."

Amayi aja anaseka. Hajiya Delu, ali kale panjinga, anatseka makutu ndi manja onse awiri. Barira anatembenuza galasi, ndipo analitchula bwinobwino, pang'onopang'ono, kuti alimve kukoma kwake.

"Inuwa Sale Bichi."